Amisiri a ku Kilwinning ndi nsanja imene inagwetsa bambo anga

Chaka changa choyamba ku Kilwinning, tauni ya ku Scotland, ndinkawoloka msewu ndisanafike pa nyumba nambala 99 ya mu Main Street. Ndinkatero ngakhale kukugwa mvula ya kuno ija yosadziwa nyengo. Mnzanga wina wa kuntchito ndi amene anandilozera nyumbayo n'kundinong'oneza kuti ndi ya ma Freemason, bungwe la abambo lokumana mwachinsinsi, ndiponso kuti si ya ma Freemason wamba, ndi mayi wa onse. Nditawauza amayi pa foni anangoti, "Mwana wanga, kumeneko unapitira ntchito. Ukamadutsa pamenepo uziyang'ana kumbali." Ndinawamvera.

Aliyense wokulira kwathu akudziwa zimene dzina limeneli limabweretsa m'mutu. Munthu akalemera mosadziwika bwino timati analowa. Basi ikagubuduzika pa Linthipe wina amanong'ona kuti alipo amene wapereka magazi. Mu 2017 ndinali ndidakali kumudzi pamene mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo, anthu n'kuphedwa ndi anzawo chifukwa chongoganiziridwa. Choncho mantha amenewa sindiwaseka. Ndinabwera nawo mu sutikesi limodzi ndi ufa ndi chitenje, ndipo ndikudziwa kumene amatha kufikitsa anthu.

Amene anawagwedeza ndi mdala wa khomo loyandikana nalo, amene ana anga amangowatcha agogo. Ndi bambo wamasiye wa zaka zopitirira 80, ndipo moyo wawo wonse anali mmisiri wopaka pulasitala. Tsiku lina m'nyengo yozizira paipi yathu ya madzi itaphulika, anabwera ndi sipanala asanaitanidwe. Akugwada pansi pa sinki ndinaona mphete pa chala chawo. Inali ndi kachizindikiro ka kampasi ndi sikweya. Kampasiyo sindinaisamale, koma sikweya ndinaidziwa nthawi yomweyo, chifukwa ndinakula nayo. Ababa ndi mmisiri womanga nyumba. Sikweya yawo, levulo, chingwe ndi mpeni womangira zinkagona m'thumba la saka kuseri kwa chitseko, ndipo mwana wokhudza levulo ankadziwa chimene chimutsate.

Ndinawafunsa agogowo mosapsatira ngati nawonso ndi a m'nyumba ija. Anavomera ngati munthu amene wafunsidwa mpingo wake. Ndinawauza zimene timanena kwathu. Sanaseke, komanso sanakwiye. Anangoti Lamlungu ndikaweruka ku tchalitchi tikaonere limodzi miyala. Kutsutsa galu n'kukumba. Ndinapita.

Kuseri kwa Main Street kuli mabwinja a nyumba yaikulu ya amonke. Inamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1100 ndi amonke ochokera ku Kelso, a gulu limene linayambira ku Tiron, ku France. Chikhristu cha ku Scotland chitasintha mu 1560 nyumbayo inasiyidwa, ndipo pang'onopang'ono anthu anayamba kuzula miyala yake kukamangira zina. Chatsala lero ndi khoma limodzi lalitali kwambiri lokhala ndi mazenera atatu osongoka, zipata zingapo, ndi nsanja ya wotchi imene inamangidwanso mu 1816 yakale itagwa. Agogo anandiimitsa pa khoma lina n'kundiuza kuti ndiyandikitse nkhope. Pa miyala ina pali timizere togoba, tating'ono ngati mphini. Anati mmisiri aliyense anali ndi chizindikiro chake, ndipo ankachigoba pa mwala umene wasema kuti ntchito yake idziwike. Ndinaikapo chala. Munthu amene anagoba kamzere kameneko anafa zaka mahandiredi ambiri zapitazo, dzina lake linapita, koma dzanja lake lidakalipo pakhoma.

Mawu oti lodge kwathu timawadziwa ngati malo ogona alendo. Kuno kale ankatanthauza chisakasa chimene amisiri ankamanga m'mbali mwa nyumba imene akugwirapo ntchito. M'menemo ankasemeramo miyala mvula ikamagwa, kusungamo zida, kudyeramo, ndi kukambiramo milandu yawo. Kenako dzina la chisakasa linasanduka dzina la anthu okumana m'chisakasamo. Mamembala a ku Kilwinning amakhulupirira kuti bungwe lawo linabadwira m'chisakasa cha amisiri amene anamanga nyumba ya amonkeyi, n'chifukwa chake amalitcha Mother Kilwinning. Imeneyo ndi nkhani ya pakamwa, yopatsirana kuchokera kwa akulu. Mapepala amayambira patsogolo kwambiri, ndipo mbiri yonse ya bungweli yazungulira pa kusiyana kumeneku kwa pakamwa ndi pepala.

Pepala loyamba lofunika linalembedwa pa 28 Disembala 1598 ndi William Schaw, amene ankayang'anira ntchito zonse zomanga za Mfumu James VI. Anali malamulo a amisiri a miyala a dziko lonse. Ndinawapeza pa intaneti n'kuwawerenga usiku wina ana atagona, ndikuyembekeza kupezamo zinthu zoopsa. Ndinapezamo zinthu za pa saiti. Wophunzira ntchito akhale pansi pa mmisiri zaka zosachepera 7. Mmisiri asatenge ophunzira opitirira 3 pa moyo wake wonse popanda chilolezo cha anzake. Mmisiri asalande ntchito ya mnzake amene wagwirizana kale ndi mwini nyumba. Asayambe ntchito imene sangathe kuimaliza bwino. Wolandiridwa kukhala mmisiri wokwanira ayesedwe kaye luso lake, ndipo dzina lake ndi chizindikiro chake zilembedwe m'buku. Ndalama za zindapusa zipite ku ntchito zachifundo.

Kenako ndinafika pa lamulo la nsanja, ndipo ndinaika foni pansi. Limanena kuti mmisiri wamkulu aonetsetse kuti nsanja ndi matabwa oyendapo zamangidwa molimba, ndipo ngati munthu wavulala chifukwa cha kunyozera kwake, mmisiri ameneyo asadzayang'anirenso ntchito moyo wake wonse, azingogwira pansi pa ena.

Ababa anagwa pa nsanja mu 1998, ku Lilongwe, pa nyumba ina yosanjikiza. Nsanjayo inali ya milimo ya bulugamu yomangidwa ndi waya wogwiritsidwa kale ntchito. Iwo anali atadandaula dzulo lake kuti ikugwedera, folomani n'kuwayankha kuti amene akuopa apite kwawo, pageti pali anthu ambiri ofuna ganyu. Anagwa ndi dakaboyi wawo, mnyamata wa zaka 19. Mnyamatayo anathyoka mkono, ababa anathyoka m'chiuno. Ndinali mu Sitandade 6. Ndimakumbukira amayi akugulitsa mbuzi ziwiri ndi wailesi, ndiponso fungo la mu wodi, ndi ababa akutifunsa ngati wina wawatolera levulo yawo. Kontilakita anatumiza ndalama ya mlungu umodzi basi. Folomani uja mwezi wotsatira anali pa saiti ina, akulamula anthu ena. Mpaka lero ababa amayenda mokoka mwendo wakumanzere. Ndiye kuwerenga kuti anthu ena analemba lamulo loletsa zimenezi zaka 400 ndendende ngozi yathu isanachitike kunandipweteka pamtima mwa njira imene sindinaiyembekezere.

Koma pepala lomwelo lili ndi lamulo lina limene linandibweza. Limaletsa mmisiri kugwira ntchito ndi munthu amene ankamutcha cowan, ndipo wolakwira ankalipa mapaundi 20 a ndalama za ku Scotland za nthawiyo. Cowan anali munthu wodziwa kumanga koma wosadutsa m'njira ya bungwe, kawirikawiri womanga mipanda ya miyala yopanda matope ku minda. Buku la ku Kilwinning la 1707 limamufotokoza ngati womanga amene alibe "mawu", kutanthauza mawu achinsinsi amene amisiri ankazindikirana nawo. Chinsinsi chotchuka chija chinayambira pamenepa. M'nthawi imene kunalibe masatifiketi, mmisiri wofika m'tauni yachilendo ankadziwika kuti ndi wophunzitsidwa mwa mawu ndi kagwiridwe ka chanza.

Ababa anaphunzira kumanga kwa amalume awo, ku Dedza, kuyambira pokanda matope. Alibe pepala lililonse. Mayeso a Trade Test sanalembeko, chifukwa sukulu anasiyira Sitandade 3. Pa saiti iliyonse ankalandira zochepa poyerekeza ndi anyamata a mapepala amene iwo ankawaongolera ngodya. Anthu a 1598 aja akanawatcha cowan. Lamulo la nsanja likanawateteza, koma lamulo linalo likanawatsekera kunja kwa chisakasa. Ndinawauza agogo zimenezi tsiku lotsatira ndili wokwiya ndithu, ngati kuti analemba ndi iwo. Anakhala chete kanthawi, kenako anati bambo awonso anali otero, ankamanga mipanda ya nkhosa.

Chodabwitsa n'chakuti bungwe la ku Kilwinning nalonso linalawa kuwawa kosowa pepala. Malamulo a 1598 atatuluka, a ku Kilwinning anaona kuti ukulu wawo sunatchulidwe, ndipo anatumiza nthumwi yawo, Archibald Barclay, ku Edinburgh. Pa 28 Disembala 1599 Schaw anatulutsa malamulo achiwiri. Mmenemo Edinburgh inatchedwa bungwe loyamba ndi lalikulu, Stirling lachitatu, ndipo Kilwinning inatchedwa "mutu ndi lachiwiri". Mawu amenewo ali ngati chigamulo cha mfumu imene sikufuna kukhumudwitsa mbumba iliyonse. Kilwinning inapatsidwa mphamvu yoyang'anira amisiri a kumadzulo, kuphatikizapo a ku Glasgow, Ayr ndi Carrick, ndipo chisankho cha mtsogoleri wawo chinaikidwa pa 20 Disembala chaka chilichonse, m'tchalitchi cha m'tauniyi. Malamulo omwewo amanenanso kuti wolowa umisiri alipire phwando ndi magolovesi, ndi kuti mamembala aziyesedwa luso lokumbukira zinthu.

Buku lakale kwambiri la misonkhano limene a ku Kilwinning ali nalo limayamba pa 20 Disembala 1642. Msonkhano umenewo unachitikira m'chipinda chapamwamba cha nyumba ya munthu, pakati pa tauni. Analibe holo yawoyawo. M'zaka za m'ma 1670 anayamba kulandira anthu amene sanagwirepo mwala, monga Earl wa ku Cassillis ndi Earl wa ku Eglinton, eni malo a chigawochi. Apa m'pamene chisakasa cha amisiri chinayamba kusanduka kalabu ya abambo, zida n'kusanduka zizindikiro zophunzitsira khalidwe: sikweya ya kuchita zinthu molungama, levulo ya kufanana kwa anthu. Mu 1677 anapereka chilolezo kwa amisiri a ku Canongate, ku Edinburgh, kuti akhale nthambi yawo, ndipo bungwe la Canongate Kilwinning lilipo mpaka lero.

Mkangano weniweni unabwera likulu la mabungwe onse a ku Scotland litakhazikitsidwa pa 30 Novembala 1736, mabungwe 33 atatumiza nthumwi. Panafunika kundandalika mabungwe kuyambira lalikulu. Anagwirizana kuti ukulu utsatire mapepala. Bungwe la ku Edinburgh, lotchedwa Mary's Chapel, linatulutsa mabuku a misonkhano oyambira mu 1599. A ku Kilwinning anatulutsa la 1642, n'kunena kuti akale anatayika. Mu 1743 chigamulo chinatsimikizidwa: Edinburgh nambala 1, Kilwinning nambala 2. A ku Kilwinning ananyamuka n'kutuluka.

Ndikamawerenga gawo limeneli ndimaona bwalo la milandu ya ufumu kwathu. Mbumba ina ili ndi kalata ya kwa DC ya nthawi ya atsamunda, ina ili ndi agogo okumbukira amene anayamba kudula mitengo pamalopo. Aliyense pamudzi amadziwa chilungamo cha pakamwa, koma chidindo chili kwina. A ku Kilwinning anakhala kunja zaka 64. Pa nthawi imeneyo ankadzilamulira okha ndipo ankapereka zilolezo kwa mabungwe atsopano, mpaka ku Virginia ku America ndi ku Dublin. N'chifukwa chake dzina la katauni kakang'ono aka limapezeka m'mayina a mabungwe a m'maiko akutali.

Ndi m'zaka zomwezi za kunyanyala pamene anamanga holo yawo yoyamba, mu 1779, mu Main Street momwemu. Zaka zonse za m'mbuyo ankakumana m'tchalitchi ndi m'zipinda za eni ake. Ine ndimaona kuti zinthu ziwirizi n'zolumikizana: munthu amene wakanidwa ukulu ku bwalo amabwerera kwawo kukamanga nyumba yooneka. Holo imeneyo inatumikira zaka zoposa 100 mpaka inakalamba, ndipo mu 1893 anatsegula imene ilipo lero, imene ine ndinkaithawa. Si yaikulu monga ndinkaionera ndi maso a mantha. Ndi nyumba ya miyala yokhala mu mzere umodzi ndi mashopu, ndipo mkati mwake amasungamo zinthu zakale za bungweli zimene alendo ochokera kutali amabwera kudzaona.

Mgwirizano unabwera mu 1807. Kilwinning inavomera kusiya kupereka zilolezo payokha, likulu linavomera kuiika pamwamba pa mndandanda. Koma nambala 1 inali kale ndi mwini wake. Ndiye Kilwinning inakhala pamwamba pa 1, ndipo nambala yake ndi 0. Anthu a kuno sanena kuti ziro. Amati nambala yopanda kanthu. A ku Edinburgh anakwiya kwambiri ndipo panatenga zaka kuti mitima ikhale pansi. Pepala la 1599 lija, lonena za mutu ndi lachiwiri, linadzapezeka m'mabokosi a banja la Eglinton, mlandu utatha kalekale.

Scotland ndi Malawi n'zolumikizana m'njira zambiri, kuyambira pa dzina la Blantyre, ndipo iyi ndi imodzi mwa izo. Azungu a ku Scotland amene anabwera kwathu anabweretsanso bungwe lawo: Lodge Nyasa, nambala 956, linakhazikitsidwa ku Blantyre mu 1903 pansi pa likulu lomwe lija la ku Edinburgh. Linali la atsamunda, lokumana zitseko zili zotseka, m'dziko limene eni ake ankangoonera panja. Sindidabwa kuti makolo athu anadzaza malo a chimene sankachiona ndi nkhani zoopsa.

Pali chinanso chimene ndinachizindikira mochedwa. Amalume a ababa aja, amene anawaphunzitsa kumanga, anali a gule. Ankapita ku dambwe, kumene ife akazi ndi ana sitinkayandikako. Anali ndi mawu awo amene wosalowa sangawamve, ankalanga anyamata mwambo, ndipo pa maliro a mnzawo sankasowa. Amishoni anawatcha a mdyerekezi kwa zaka zambiri, ndipo ngakhale Gule Wamkulu analemekezedwa ndi UNESCO mu 2005, m'mipingo yathu nkhaniyi idakali yotentha. Ine ndinakulira pakati pa ziwirizi, amayi a Mvano ndi agogo a ku dambwe, ndipo ndinkadya nsima ya onse. Sindikunena kuti dambwe ndi nyumba ya mu Main Street n'zofanana. Koma ndinayenera kudziwa kale kuti abambo amene atseka chitseko sakhala kuti akumwa magazi nthawi zonse.

Izi sizikutanthauza kuti ndagwa nalo m'chikondi bungweli. Mkazi salowamo, ngakhale atakhala mmisiri wotani, ndipo mwana wanga wamkazi amene akufuna kudzaphunzira zojambula mapulani a nyumba sadzakhala pa mpando uliwonse m'menemo. Ndimakhulupiriranso kuti pamene abambo alumbirirana kuthandizana mwachinsinsi, tsiku lina wina wakunja amaluza ntchito kapena mlandu osadziwa chifukwa chake. Kwathu timazidziwa bwino zimenezi, ngakhale popanda lumbiro. Mpingo wa Katolika unaletsa anthu ake kulowa mu 1738 ndipo unabwerezanso chiletsocho mu 1983. Mipingo ina ya kuno nayonso inafunsa mafunso ovuta pa nkhani ya malumbiro ndi mapemphero awo. Amenewo ndi mafunso enieni, ndipo ndikanakhala mwamuna ndikukhulupirira kuti sindikanalowa. Koma ndi osiyana kutalitali ndi zimene ndinabwera nazo.

Chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti agogo atagonekedwa m'chipatala chaka chatha, abambo atatu okalamba ankasinthana kudzawaona, wina n'kumadula kapinga pakhomo pawo, wina n'kumadyetsa mphaka. Atatuluka anandionetsa kasutikesi kakuda kamene amanyamula popita ku misonkhano. Munali epuloni ya chikopa choyera, yofewa ndi ukalamba, yopindidwa bwinobwino. Anati inali ya mchimwene wawo. Ndinakumbukira epuloni ya ababa ya thumba la simenti, imene ankaiboola pakati n'kulowetsa mutu.

Tsopano ndimadutsa mbali ya nambala 99 popita kokwerera sitima ya ku Glasgow. Amayi sindinawauze. Ababa ndinawauza zonse, za timizere ta pamiyala, za lamulo la nsanja, za cowan, za nambala yopanda kanthu. Pa lamulo la nsanja anandiuza kuti ndibwereze, ndipo ndinabwereza pang'onopang'ono. Sanayankhe kanthu, ndinangomva nkhuku kumbuyo kwawo.

Kuyambira tsiku limenelo ndinagula kope lachikuto cholimba. Loweruka lililonse ndikaimba foni, mlongo wanga amawapatsira, ndipo amanditchulira nyumba zimene anamanga: mudzi, chaka ngati akuchikumbukira, zipinda zingati, njerwa zootcha kapena zidina, ndi dzina la dakaboyi amene anali naye. Madakaboyi onse amawakumbukira, ngakhale amene anagwira nawo mlungu umodzi. Tafika pa nyumba 41, kuphatikizapo midadada iwiri ya sukulu, tchalitchi chimodzi ndi chigayo. Ndinawafunsa ngati anali ndi chizindikiro chawo. Anati pa nyumba iliyonse, simenti ya pakhonde isanaume, ankadinda mpeni womangira katatu pa ngodya ya kumanja kwa chitseko, pansi penipeni pamene mwini nyumba sangaone msanga. Zaka zonsezi palibe anatiuzapo. Mlongo wanga anapita pa njinga kukayang'ana pa chigayo chija, n'kunditumizira chithunzi pa WhatsApp. Timizere titatu tilipo.

Loweruka lapitali, tisanatsazikane, anandifunsa za nyumba ya mu Main Street. "Naphiri, anthu akowo amati ndi amisiri. Wayang'ana ngodya zake? Zaima bwino?" Ndinawauza kuti ndikayang'ana Lolemba. Anati ndisayang'ane chapafupi, ndikaime patsidya pa msewu n'kutsinzina diso limodzi.